Kona ya madigiri 135 ndi kachipupa kokhota m'shawa: tidule bwanji matailosi?

Mwale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanaononge matailosi a eni ake. Shawa yake ili pakona ya bafa, masentimita 90 mbali zonse ziwiri. Khoma limodzi lili ndi bokosi la njerwa lobisa mapaipi, ndipo kona yake yotulukira kunja si ya sikweya, ikuoneka ngati ya madigiri 135. Kona ya m'kati, pomwe makoma awiri akumana, ndi yotseguka pang'ono, ndipo ndikaika sikweya pansi kenako pamwamba, mpata wotsala sukufanana. Kutsogolo kudzakhala kachipupa kotchinga madzi kokhota ngati uta, 100 mm msinkhu, 100 mm m'lifupi, galasi lokhota lidzakhala pamwamba pake. Matailosi ndi a porcelain, 300 × 600, ochindikala 10 mm. Ndili ndi grinder ya 115 mm ndi chodulira cha pamanja chija chokanda n'kuthyola. Pulasitala wa m'makoma anauma kale, kachipupako sindinamange. Ndiyambire pati?

Gondwe:
A Mwale, mwachita bwino kufunsa musanamange kachipupa. Koma mawu akuti "ikuoneka ngati 135" ndi amene amatha matailosi. Yambani ndi kuyeza. Ngati mulibe choyezera madigiri, dulani timizere tiwiri towongoka ta plywood, chongani 300 mm pa kalikonse kuchokera pomwe tikumanirana, tigonekeni pamakoma awiriwo, n'kutimanga pamodzi ndi kalampu. Mukatichotsa, yezani ndi tepi kuchokera pachizindikiro china kufika pachinzake. Kona ya 90 imapereka 424 mm, ya 135 imapereka 554 mm. Chapafupi ndi 135, digiri imodzi imasintha muyezowu ndi 2 mm, ndiye mukapeza 546 mudziwe kuti muli pa 131. Yezani malo atatu: pansi, pachiuno, ndi pamwamba pomwe matailosi adzalekezere.

Nambalayo ikadziwika, kupendeketsa kwa m'mphepete mwa tailosi iliyonse n'kosavuta kupeza. Chotsani madigiri a kona pa 180, gawani pawiri. Pa 90 mumapeza 45 yomwe tonse tinaizolowera, pa 135 mumapeza 22.5. Ambiri amalakwa pomwepa: dzanja linazolowera 45, amasenga choncho, kutsogolo kumakumana bwino koma kumbuyo kumatsala phanga lalikulu, ndipo mlomo wa tailosi umakhala woonda mosafunikira. Chidebe chikangogunda, wabenthuka.

Ndi grinder simungaone madigiri, choncho asandutseni mamilimita kumbuyo kwa tailosi. Pa tailosi ya 10 mm, 45 imadya 10 mm kumbuyo, pamene 22.5 imadya pafupifupi 4 mm basi. Lembani mzere wa pensulo kumbuyo pa 4.5 mm kuchokera m'mphepete. Theka la milimita lowonjezeralo n'loti kumbuyo kusagundane kutsogolo kusanakumane.

Nambewe:
Masamu a a Gondwe ali bwino, koma funsani kaye ngati mitre, kusenga m'mphepete mwa matailosi awiri mopendeketsa kuti akumane pakona, ikufunikadi pamenepo. M'shawa munthu amakhala thupi lili pamtunda, pansi poterera, sopo ali m'maso. Kona ya 135 si yakuthwa ngati ya 90, komabe mitre yochitidwa ndi grinder ya pamanja pa matailosi 7 mbali iyi ndi 7 mbali inayo imafuna dzanja lokhazikika, ndipo imodzi yokha ikaphonya imaoneka kuchokera pakhomo. Alipo ma trim, timizere tophimba kona, opangidwira kona ya 135, a aluminiyamu ndi a stainless. Mukasankha aluminiyamu, ikhale ya anodised, chifukwa simenti yonyowa imadya aluminiyamu yosakutidwa, ndipo adhesive, yomatira matailosi, ikagwera pankhope pake muipukute nthawi yomweyo. Kuya kwa trim kupose tailosi pang'ono, 11 kapena 12 mm pa tailosi ya 10, kuti adhesive ipeze malo. Chimene musachite ndi kukakamiza trim ya 90 pa kona ya 135. Phiko lake limakhala bwino mbali imodzi, mbali inayo mlomo umatukuka n'kusiya kampata kosunga madzi ndi nkhungu.

Onaninso m'kati mwa tailosi. Ngati mtundu wake uli pankhope pokha ndipo thupi lake ndi la mtundu wina, kubenthuka kulikonse pa mitre kudzaonetsa kadontho kosiyana. Ngati mtundu ukudutsa thupi lonse, mitre imakhululuka zambiri.

Gondwe:
N'zoona mayi, trim ndi yofulumira komanso yotetezeka. Koma mwini nyumba akakana chitsulo pakona, mitre imatheka ndi grinder yomweyo, bola ndondomeko. Tsamba likhale la diamond, lopyapyala, lopangidwira porcelain, osati lija la mipata ikuluikulu lodulira njerwa. Ikani tailosi patebulo nkhope ili m'mwamba, m'mphepete motulukira kunja pang'ono, muimange ndi makalampu awiri, pansi pake pali kabulangete kapena labala. Matani tepi ya pepala pankhope motsatira m'mphepete. Sengani kuchokera kunsi kwa nkhope kulowera kumzere wa kumbuyo uja, maulendo atatu kapena anayi, osati kamodzi. Siyani 1 mm ya thupi la tailosi pansi pa nkhope osaikhudza ndi tsamba. Milimita imeneyi ndiyo imagwira mlomo. Yotsalayo muimalize ndi diamond pad yopalira, ya 60 yokhakhala kenako ya 120 yosalalirapo, mukuyesa matailosi awiriwo pa timizere ta plywood tija.

Mitre ichitidwe pa m'mphepete mwa ku fakitale, mbali yodulidwayo ipite kukona ya m'kati komwe silikoni idzaibisa. Poika, mbali ziwiri zikwere limodzi mzere ndi mzere, musamalize khoma limodzi kenako n'kuyamba linzake. Kuseri kwa mitre kudzaze adhesive, pasakhale mphako. Siyani mpata wa 1.5 mpaka 2 mm pakamwa pake, mukoke mbali ziwirizo ndi tepi mpaka ziume. Mawa lake dzazani mpatawo ndi grout, phala lodzazira mipata ya matailosi, ya epoxy ya mtundu wofanana, ikauma mudutsepo pang'ono ndi pad ya 200 kuti chala chisamve kuthwa. Epoxy ndi yoyenera pano chifukwa mwati bokosilo ndi la njerwa, mbali zonse ziwiri ndi chinthu chimodzi. Likanakhala la bolodi lolumikizidwa kukhoma la njerwa, polumikizirapo pakanafuna silikoni, chifukwa zinthu ziwirizo sizifutukuka mofanana.

Fumbi la porcelain lili ndi silica, ndipo silica ikakhazikika m'mapapo situluka. Valani chotchinga mphuno cha FFP3 ndi magalasi a maso, dulirani panja. Wothandiza akamadontheza madzi ndi siponji patsamba fumbi limachepa ndipo tsamba silipsa, koma magetsi ake akhale odutsa pa earth leakage, chipangizo chozimitsa magetsi akathawira pansi, chingwe chisagone m'madzi.

Mwale:
Zikomo akuluakulu. Ndayeza monga mwanenera. Kona ya bokosi: 552 pansi, 549 pakati, 546 pamwamba. Kona ya m'kati: 449 pansi, 439 pamwamba. Pepala la galasi lalemba R550. Mwini nyumba akufuna mitre, ndipo mtundu wa tailosi ukudutsa thupi lonse.

Chisale:
Achimwene, manambala amenewa akunena nkhani ina, ndipo grinder muiike kaye pansi. Bokosi lanu lili pa 134 pansi ndi 131 pamwamba, kona ya m'kati ili pa 97 pansi ndi 94 pamwamba. Kona ikamasintha madigiri pokwera, ndiye kuti khoma limodzi ndi lopotoka. Madigiri 3 amamveka ochepa, koma pa mtunda wa 300 mm kuchokera pakona ndi pafupifupi 16 mm. Tailosi ya 600 siipindika. Mukaigoneka pakhoma lopotoka, ngodya zitatu zimakhala, yachinayi imatukuka, ndipo mzere uliwonse udzafuna mitre yakeyake.

Pezani khoma lolakwa. Gonekani chitsulo chowongoka cha mamita awiri choimirira, chogona, ndi chopingasa mbali zonse ziwiri. Malire ake ndi 3 mm pansi pa chitsulo cha mamita awiri. Popitirira pamenepo pakonzedwe. Ikani timizere tiwiri ta matope toimirira pa levulo, kamodzi pafupi ndi kona, kena kumapeto, tiume, mudzaze pakati n'kukoka ndi chitsulo. Pulasitala wakale mumukande kaye ndi kumupaka bonding, mankhwala othandiza pulasitala kugwira, apo ayi watsopanoyo adzasupuka. Potukuka pagwetsedwe ndi tcheselo, musakweze khoma lonse kuti lifanane ndi chotupa chimodzi, chifukwa shawa ya 900 ikachepa galasi silidzalowa. Pulasitala watsopano wa simenti ndi mchenga apatsidwe masabata awiri, pokhapokha mutagwiritsa ntchito matope ouma msanga opangidwira ntchito imeneyi.

Musayese kuwongola 16 mm ndi adhesive. Thumba lililonse limalemba malire a kuchindikala kwake, ndipo ikapitirira imanyala pouma n'kukoka tailosi m'kati mosafanana. Choipitsitsa ndi kuika timiulu tisanu kuseri kwa tailosi n'kukanikiza. Kuseri kumatsala njira za madzi, tailosi imalira ngati ng'oma mukaigogoda, ndipo mitre yokhala pamphako imasweka tsiku loyamba kugundidwa.

Simukuyenera kufikitsa kona pa 135 kapena 90 yeniyeni. Chofunika n'chakuti ikhale nambala imodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo mzere wa kona uime pa levulo.

Gondwe:
A Chisale anena zenizeni. Ndiwonjezere za kona ya m'kati, ngati itatsala pa 94 kapena 97 mutawongola. Imeneyo siifuna mitre. Tailosi ya khoma loyang'anizana ndi khomo ilowe mpaka mkona, kusiya 3 mm, ya khoma linalo ibwere kudzaima patsogolo pake, kusiyanso 3 mm. Koma kona ikaposa 90, ngodya ya kumbuyo ya tailosi yachiwiriyo ndi imene imayamba kugunda, kutsogolo kukadali kotseguka. Pa 97 ndi tailosi ya 10 mm kusiyanako ndi 1.2 mm. Palani kumbuyo pang'ono ndi pad ya 60, mpata wa kutsogolo ukhale umene mwaufuna. Kona ikachepera 90, kutsogolo ndi kumene kumayamba kugunda, ndipo palibe chopala.

Musanaike tailosi yoyamba, yalani mzere wathunthu pansi ndi masipesa osiyira mipata pakati pa matailosi, muone zidutswa zogwera m'makona. Kachidutswa kochepera 50 mm pakona ya m'kati kamaonetsa kupendekeka kulikonse, ndipo pa mitre sikagwirika ndi kalampu. Sunthani poyambira kuti mbali zonse zilandire zidutswa zazikulu. Chidutswa chilichonse cha mkona chiyezedwe pamwamba ndi pansi pachokha.

Kalua:
Tibwere ku kachipupa, chifukwa apa ndi pomwe ntchito yagona. R550 ikutanthauza kuti galasi linapindidwa kale pa radius ya 550 mm, mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika pa uta, ndipo galasi lolimbitsidwa ndi moto silidulidwa kapena kupindidwanso. Kachipupa ndi kamene katsate galasi. Onani papepalapo ngati 550 yayezedwa kunja kapena pakati pa njanji ya pansi ya galasilo, makampani amasiyana. Chabwino koposa, tulutsani njanjiyo mubokosi, muigoneke pansi, mujambule. Tiyerekeze kuti 550 yagwera pakati pa kachipupa: nkhope ya kunja yomalizidwa ili pa 600, ya m'kati pa 500. Ndati yomalizidwa. Tailosi ndi adhesive zimadya pafupifupi 13 mm mbali iliyonse, membrane yotchinga madzi kuseri kwa tailosi ndi pulasitala zimadyanso, choncho musanamate tailosi, kachipupa kakhale pafupifupi 587 kunja ndi 513 m'kati. Jambulani uta ndi kathabwa kokhala ndi msomali mbali imodzi ndi mabowo a pensulo pa miyezo imeneyo. Dulaninso patani ya plywood ya utawo panopa, chifukwa membrane ikapakidwa msomali sudzakhomedwanso pansi.

Tsopano tailosi yowongoka pa khoma lokhota. Kuti mudziwe mpata womwe utsale, chulukitsani m'lifupi mwa chidutswa ndi nambala yomweyo, mugawe ndi radius yochulukitsidwa ka 8. Pa radius ya 600, chidutswa cha 300 mm chimasiya pafupifupi 19 mm, cha 100 mm chimasiya 2 mm, cha 50 mm chimasiya theka la milimita. Mukuona kuti mukachepetsa chidutswa ndi theka, mpata umachepa kanayi. 2 mm adhesive imameza bwinobwino. 19 mm ayi.

Gawo lokhotalo ndi chigawo chimodzi mwa zinayi za bwalo. Kunja kutalika kwake ndi 942 mm, m'kati 785 mm. Ligaweni pa 10: kunja chidutswa chilichonse chitenga 94 mm, m'kati 78.5 mm, ndipo chilichonse chikhota madigiri 9. Chotsani 3 mm ya grout, mupeza 91 kunja ndi 75.5 m'kati. Zidutswa za pamwamba zikhale ngati mphero yodulidwa nsonga: 91 mbali ya kunja, 75.5 mbali ya m'kati, kupendeketsa kugawidwe mofanana mbali zonse ziwiri. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mizere ya grout imakwera nkhope ya kunja, kudutsa pamwamba, n'kutsikira m'kati mosaduka, ndipo palibe chidutswa ngakhale chimodzi chofuna kudulidwa mokhota. Zonse chodulira cha pamanja chimatha.

Chenjezo limodzi. Pankhope ya kunja mizere imatseguka kutsogolo. Zidutswa ziwiri zikagundana kumbuyo, kutsogolo zimakhala zitasiyana kale 1.6 mm pa tailosi ya 10 mm. Ndiye masipesa aikidwe pamlomo penipeni, osawakankhira m'kati, apo ayi mzere wa 3 udzatuluka pafupifupi 5. Pankhope ya m'kati zimatembenuka, kutsogolo kumatsekeka, kumbuyo kumatseguka. Dulani patani ya katoni ya chidutswa chimodzi, muyale zonse 10 zouma, mulembe manambala kumbuyo, kenako musakanize adhesive. Yambirani pakati pa uta kupita mbali zonse, kuti kuphonya kukakhalapo kugawike.

Nambewe:
A Kalua, masamu anu ndi oyera, koma muwerenge ntchito yake. Zidutswa 30, chilichonse chili ndi mbali zodulidwa zofuna kupalidwa ndi pad kuti phazi lisachekeke podumpha. Ndipo 94 mm pa radius ya 600 si uta weniweni, diso limaona timbali 10. Ena amakonda maonekedwe amenewo, ena ayi, ndiye mwini nyumba aonetsedwe zouma asanavomere. Ngati pansi pa shawa padzakhala mosaic, timatailosi ting'onoting'ono tomatidwa pa ukonde, mosaic yomweyo ikhoza kukwera nkhope ziwiri za kachipupa. Ya 25 mm imatsata uta bwino kwambiri, ya 50 mm imathanso.

Mosaic nayo ili ndi misampha yake. Imatsata chilichonse chili pansi pake, chotupa ndi chigwa chomwe, choncho pulasitala wa kachipupa akokedwe ndi patani ya plywood ija mpaka asalale. Mpeni wamano wopakira adhesive ukhale wa 4 mm, ndipo mizere ya adhesive ifafanizidwe ndi mbali yosalala ya mpeniwo musanagoneke mosaic, apo ayi imatulukira m'mizere ya grout ndipo mudzaikolokosa ndi kampeni tsiku lonse. Kanikizani ndi thabwa la labala lopakira grout, osati zala. Pankhope ya kunja dulani ukonde wa kumbuyo mizere iwiri kapena itatu iliyonse kuti mipata muigawe nokha. Yesaninso ukondewo: vikani kachidutswa m'madzi usiku umodzi. Timatailosi tikayoyoka, guluu wake sakuyenera malo onyowa. Ukonde wodzaza guluu kumbuyo konse umaletsanso adhesive kugwira tailosi yeniyeniyo.

Pamwamba pa kachipupa, njira yokhala ndi mizere yochepa ndi mwala wa granite wodulidwa mokhota ndi odula miyala, chidutswa chimodzi kapena ziwiri, motsatira patani yanu.

Kalua:
Sindikutsutsa mayi, mosaic imakhota bwino. Ine ndimaima pa zidutswa chifukwa tailosi ndi yomweyo ya m'makoma ndipo grout imachepa pamalo pomwe pamapondedwa tsiku ndi tsiku. Ngati timbali 10 tikuoneka kwambiri, gawani pa 15: kunja 63 mm, m'kati 52 mm, madigiri 6, mpata wa kuseri sufika milimita imodzi. Njira iliyonse mungasankhe, nkhope ziyambe, chapamwamba chibwere pomaliza n'kuphimba milomo yake, ndipo chipendekere m'shawa 2 mpaka 3 mm pa 100 mm imeneyo. Kupendekeka kumeneku kukhale kale mu pulasitala pansi pa membrane. Mukakupanga ndi adhesive yokha, madzi olowa pa grout amayenda pa membrane yogona n'kutulukira kubafa.

Chisale:
Apa a Kalua akhudza chinthu chachikulu. Tailosi ndi grout sizitchinga madzi. Grout ya simenti imamwa, ndipo makona okhotakhotawa ndi amene amayamba kudontha. Chotchinga madzi ndi membrane ya kuseri. Pakani primer yake, mankhwala oyamba kupakidwa, kenako tepi yotchinga madzi m'makona onse, pokumana pansi ndi khoma, m'mbali mwa kachipupa, ndi kuzungulira dreni ndi mapaipi. Tepi ikakumana ndi inzake zisanjikizane 50 mm. Makona opangidwa kale amene amagulitsidwa ambiri ndi a 90, ndipo amenewo pa 134 sakhala. Pamenepo pindani tepi yoyenda pansi mozungulira kona, dulani phiko lake logona pansi kuti litambasuke, n'kumata kachigamba pamwamba pa podulidwapo.

Pa uta tepi yowongoka imachita makwinya. Phiko loimirira limatsata bwino, logona pansi ndi limene limavuta: m'kati mwa shawa limaunjikana, kunja limakokeka. Lidulidwe pang'ono 40 mpaka 50 mm iliyonse, mpeni usafike popindikira, lekezani 10 mm musanafikepo. Kapena gwiritsani tizidutswa tatifupi tosanjikizana. Khwinya lililonse losiyidwa ndi kanjira ka madzi, komanso ndi chotupa pansi pa mosaic. Membrane yamadzi ipakidwe kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa woyambawo utauma, ikute kachipupa konse mpaka nkhope ya kunja, ndipo pamakoma ipitirire pomwe pali mutu wa shawa. Ikauma monga zalembedwera pachitini, tsekani dreni, dzazani madzi mpaka pafupi ndi pamwamba pa kachipupa, chongani pomwe afika, musiye maola 24. Akatsika, funani pobooka tailosi isanakhudze khoma.

Adhesive ya porcelain ikhale ya C2, ya simenti yogwira mwamphamvu, ndipo C2TE S1 ndi yabwino pa ntchito iyi. T ndiye kuti tailosi siitsetsereka pakhoma, E ndiye kuti siiuma msanga mukaipaka, imapereka mphindi 30, S1 ndiye kuti imalola kusuntha pang'ono. Porcelain imamwa madzi osaposa 0.5 peresenti, n'chifukwa chake simenti wamba ndi mchenga sizigwira. Pa 300 × 600 gwiritsani mpeni wamano a 10 mm, mizere iyende mbali imodzi, mupakenso pang'ono kumbuyo kwa tailosi. Matulani imodzi nthawi ndi nthawi muone: m'shawa kumbuyo kuyenera kudzaza pafupifupi konse.

Mwale:
Ndamva. Khoma lopotoka ndalipeza, ndi la kumanzere ndi nkhope imodzi ya bokosi, ndikonza. Kachipupa tagwirizana zidutswa 15, pansi pa shawa mosaic ya 50. Latsala funso la pansi: dreni siili pakati penipeni, ili 400 mm kuchokera kukhoma lina ndi 700 mm kuchokera kukona yakutali. Komanso pansi pa bafa kunja kwa kachipupa ndi matailosi a 600 × 600, amenewo afunika kudulidwa mokhota.

Gondwe:
Mzere wozungulira pansi pa shawa ukhale pa levulo imodzi ponseponse, kuti mzere woyamba wa m'makoma ndi nkhope ya m'kati ya kachipupa zikhale pamzere wowongoka. Kutsetsereka kuwerengedwe kuchokera pakutali: 20 mm pa mita, ndiye pa 700 mm ndi 14 mm. Dreni ikhale 14 mm pansi pa mzere wozungulirawo. Mbali ya 400 mm idzatsetsereka kwambiri, 35 mm pa mita, zomwe mosaic ya 50 imatsata popanda vuto, ndipo mizere yake yambiri imathandiza phazi kugwira. Mukanaika tailosi yaikulu pamenepo, ikanafuna kudulidwa mopingasa kuchokera pangodya za dreni kupita m'makona. Screed yatsopano, matope osalazira pansi, ipatsidwe masabata atatu membrane isanapakidwe, kupatula ngati ili youma msanga.

Za kudula mokhota, dzichepetsereni ntchito ndi ndondomeko. Pansi payambe, mkati ndi kunja komwe, nkhope za kachipupa zitsikire pamwamba pake. Nkhope ndi adhesive yake zimaphimba 13 mm, ndiye kudula kwanu kukaphonya ndi 3 kapena 4 mm palibe adzaone. Dulani katoni yolimba kukula ngati tailosi, muiike pamalo pake ndi masipesa, mbali yoyang'ana kachipupa muichekecheke timizere ta 15 mm ngati chipeso. Kanikizani timizereto pa uta, pindani kalikonse pomwe kagunda, lumikizani mapindowo ndi pensulo, chotsanipo 4 mm ya mpata. Kapena gonekani patani ya plywood ija pa matailosi oyalidwa ouma n'kujambula kamodzi. Jambulani pankhope yomatidwa tepi, osati kumbuyo, kuti musatembenuze uta.

Uta wolowa m'kati mwa tailosi umadulidwa chonchi: kandani mzere wonse ndi grinder kuya 1 mpaka 2 mm, mukuyenda pang'onopang'ono. Kenako chekani mizere yowongoka kuchokera m'mphepete kufika 2 mm musanakhudze uta, motalikirana 10 mpaka 15 mm. Thyolani manowo ndi pinchesi, kukanda kuja kumaletsa mng'alu kulowa mbali yabwino. Zitsa zotsala zipalidwe ndi pad ya 60. Musapotoze tsamba lili m'kati mwa tailosi kuti likhote, limagwidwa n'kudumpha. Samalani nsonga zopyapyala kumapeto kwa uta: pansi pake pakhale thabwa podula, ndipo ngati nsonga ikuchepera 20 mm sunthani mizere ya pansi.

Nambewe:
Pomaliza pake musalole grout kulowa m'makona a m'kati. Pokumana khoma ndi khoma, khoma ndi pansi, kachipupa ndi pansi mbali zonse ziwiri, ndi pomwe kachipupa kagunda khoma, ponsepo ndi silikoni ya m'bafa yoletsa nkhungu. Grout pamalo amenewa imang'aluka kamzere kopyapyala ngati tsitsi, ndipo madzi amapeza njira. Kolokosani adhesive m'mipatayo ikadali yofewa, ndi kamtengo osati chitsulo, kuti musaboole membrane. Mpata wakuya ulowetsedwe kaye kachingwe ka siponji, silikoni igwire mbali ziwiri zokha. Ikagwira ndi kumbuyo komwe siitha kutamuka, imang'ambika. Pa uta tepi ya pepala yaikulu siikhota, gwiritsani yopyapyala kapena tizidutswa totsata timbali 15 tija, muimatule silikoni ikadali yonyowa. Mukasankha granite pamwamba, silikoni ikhale ya neutral yolembedwa kuti ndi ya miyala, ina imasiya banga m'mbali mwa mzere. Grout ya pa kachipupa ikhale epoxy, kapena ya simenti yolembedwa CG2 WA, yolimba ndi yosamwa madzi ambiri. Epoxy muisakanize pang'onopang'ono ndi kuitsuka msanga, ikauma pankhope ya mosaic siichoka ndi madzi.

Chisale:
Woika galasi mulankhule naye asanatulutse drill. Pamwamba pa kachipupa pasabooledwe. Sikuluwu imodzi yodutsa tailosi imaboola membrane pamalo pomwe madzi amakhala tsiku lililonse, ndipo njerwa za m'kati zikanyowa zidutswa zanu 15 zimayamba kugwedera. Njanji ya pansi imatidwe ndi silikoni, zitsulo zoimirira ndi zimene zimangidwe kukhoma, bowo lililonse lidzazidwe silikoni sikuluwu isanalowe. Mabowo akhale osachepera 20 mm kuchokera m'mphepete mwa tailosi, ndipo pa porcelain aboole ndi kachitsulo ka diamond ndi madzi, drill isakhale pa hammer. Ngati chitsulo choimirira chikugwera pafupi ndi mitre ya bokosi, chongani malo ake pakhoma panopa, musanayale mzere woyamba, kuti bowo lisadzagwere pamlomo wosengedwa. Silikoni ya njanji ipakidwe mbali ya kunja monga mapepala a magalasi ambiri amanenera, m'kati musiye potulukira, kuti madzi olowa m'njanji abwerere m'shawa.